MAKINA ODULA NDI KUWALA: MALANGIZO KWA OYAMBA KUMENE

Mawu awa adayankhulidwa kwa amayi ndi abambo amene adatsiriza maphunziro a sukulu za kwacha m'dera la Madisi. Werengani mosathamanga. Mukatha, kambiranani mafunso amene ali kumapeto.

  

Nkhani yathu lero ndi ya makina. Ambiri mwa inu mwaonapo timatabwa tomangirira ku makiyi, tolembedwa dzina la munthu mokongola ngati zosindikiza. Mwaonapo maina a akwati odulidwa pa thabwa, atazikidwa pamwamba pa keke ya ukwati. Ena mwafunsa kuti, "Kodi mmisiri wake ndani wa manja osanjenjemera chotere?" Enanso mwabwera ndi funso lolemera kuposa pamenepa. Mukuti, "Mwana wanga ali ku Joni akufuna kunditumizira makina opangira zimenezi. Kodi ndivomere?" Alipo ena amene akuganiza zoikapo ndalama za fodya kapena za soya.

Ine sindidabwere kudzakuletsani, ndiponso sindidabwere kudzakutsatsani malonda. Ndabwera kuti tiione nkhaniyi mbali zonse, pakuti pali zinthu zitatu zimene munthu angataye akalowa ntchitoyi mwachimbulimbuli: ndalama zake, nyumba yake ndi maso ake.

KODI MAKINA AMENEWA NCHIYANI?

Dzina lake polemba ndi laser, koma potchula timati "leza". Musasokoneze ndi lezala lometera ndevu. Musasokonezenso ndi Leza wa makolo athu, mwini uta uja timauona mvula ikamakata. Komabe utawaleza utithandiza kumvetsa. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yambiri yosakanikirana, ndipo kumabalalika ponseponse. Kuwala kwa laser nkwa mtundu umodzi wokha, ndipo kumayenda njira imodzi ngati madzi a mu paipi. M'makinamo muli kagalasi kamene kamasonkhanitsa kuwalako pa kadontho kochepa kuposa njere ya fodya.

Abambo, kumbukirani muli anyamata. Mwezi wa Okutobala munkatenga mandala a agogo, nkulozetsa dzuwa pa tsamba louma mpaka tsambalo lifuke utsi. Makinawa amachita zomwezo, koma ndi mphamvu yaikulu zedi. Tsono gwirani mfundo iyi, pakuti zonse zimene ndinene zikuchokera pamenepa: makinawa sacheka ngati sowo. Amawotcha. Mukawalowetsa m'nyumba, mwalowetsa moto.

Laser yoyamba adaipanga Theodore Maiman ku California m'dziko la America m'chaka cha 1960. M'chaka cha 1964 Kumar Patel, wobadwira ku India koma wogwira ntchito ku America komweko, adapanga mtundu wina wogwiritsa mpweya wotchedwa CO2. Kwa zaka zambiri makina odula ndi kuwala anali a m'mafakitale okha. Masiku ano ku China amapanga ang'onoang'ono okwana pa tebulo, ndipo ndi amenewa afika mpaka kwathu kuno.

MITUNDU IWIRI

Wogula koyamba amakumana ndi mitundu iwiri.

Mtundu woyamba ndi makina a diode. Kuwala kwake nkobiriwira ngati kumwamba, ndipo kumaoneka ndi maso. Ndi otsika mtengo, opepuka, ndiponso sadya magetsi ambiri. Mphamvu yake yowotchera kawirikawiri imakhala mawati 5, 10 kapena 20. Amalemba bwino pa thabwa, pa nsungwi, pa chipanda ndi pa chikopa. A mawati 10 amadula pulayiwudi wa mamilimita 3. Koma pulasitiki yoonekera ngati galasi saidula, chifukwa kuwala kwake kumangopyola. Vuto lake lalikulu ndi lakuti ambiri amabwera opanda bokosi, kuwala kuli pamtetete.

Mtundu wachiwiri ndi makina a CO2. Aang'ono ake ndi a mawati 40, ndipo malo ake odulirapo ndi pafupifupi mamilimita 300 m'litali ndi 200 m'lifupi. Amabwera m'bokosi lachitsulo lokhala ndi chivindikiro. Amadula msanga, ndipo pulasitiki yoonekera ija, ya mtundu wa acrylic, amaidula bwino. Koma mkati mwake muli chubu chagalasi chimene chingasweke pa ulendo wa basi. Chubucho chimafuna madzi ozizira oyenda ndi pampu nthawi zonse. Kuwala kwake sikuoneka ndi maso konse.

Mitundu iwiri yonseyi siidula malata kapena zitsulo za mawindo. Siidulanso matabwa ochindikala a zitseko. Munthu akakuuzani kuti kamakina ka pa tebulo kalowa m'malo mwa kalipentala ndi wowotcherera, akukunamizani.

Chenjeraninso ndi manambala a pa katoni. Ogulitsa ena amalemba nambala yaikulu, monga 40 kapena 80, pamene akunena magetsi olowa m'makina, osati mphamvu yowotchera. Funani pamene palembedwa mawu akuti optical power. Nambala ya pamenepo ndiyo yeniyeni. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kwa woyamba kumene wa kuno kwathu, ine ndikuti makina a diode a mawati 10, omangidwira bokosi, ndiwo oyenera.

MUSANAGULE, YANKHANI MAFUNSO ATATU

Funso loyamba: adzagula ndani? Tengani kope ndi cholembera. Yendani pa msika wa Madisi, m'masukulu, m'mipingo, m'nyumba zogona alendo za pa Mponela. Funsani ngati amafuna manambala a pa zitseko, zikwangwani zazing'ono za m'maofesi, mphoto za mpira kapena za makwaya, mphatso za pa chinkhoswe. Lembani zimene akuyankhani. Kenaka landirani maoda ochepa, mukapangitse kwa munthu amene ali kale ndi makina ku Lilongwe, mudzagulitse kuno. Chitani chomwechi kwa miyezi iwiri kapena itatu. Ngati anthu akubweranso, msika ulipo. Ngati akungoyamikira pakamwa osatulutsa ndalama, mwapulumutsa chuma chanu.

Funso lachiwiri: magetsi muwatenga kuti? Magetsi a ESCOM ndi a mavoliti 230. Onetsetsani kuti makina anu alembedwa 220 mpaka 240, osati 110 okha. Mapulagi athu ndi a mano atatu a ngodya, pamene a ku Joni ndi a mano ozungulira. Gulani pulagi yoyenera. Musalowetse mawaya osavala mu soketi nkutsekera ndi machesi.

Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mukukumbuka kuti mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana adaononga ku Kapichira, ndipo tidakhala miyezi yambiri magetsi akuzimazima. Magetsi akazima ntchito ili pakati, kawirikawiri thabwa limenelo latayika. Makina a diode a mawati 10 amakoka magetsi pafupifupi mawati 100, motero sola yokhala ndi batire lalikulu ndi inveta ingathe kuwayendetsa. A CO2 amakoka mawati mazana angapo, kuwonjezapo pampu ndi fani. Magetsi akazima, zimitsani pa khoma. Mvula ya mphezi ikayamba, zulani pulagi.

Funso lachitatu: ndalama zichokera kuti? Mtengo wa makina si wokhawo. Pali woyendetsera, pali msonkho wa MRA, pali magalasi oteteza maso, fani, paipi ya utsi, chozimitsira moto, kompyuta ndi matabwa ophunzirira. Za msonkho kafunseni ku ofesi ya MRA katundu asananyamuke, osati atafika kale pa chipata cha Mwanza kapena Dedza. Kumbukiraninso kuti makinawa ndi zipangizo zake amagulidwa ndi ndalama zakunja. Mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, ndipo mitengo ya zinthu zochokera kunja idalumpha.

Musatengere katapila makina amene simudawagwirepo. Musadyere ndalama ya feteleza. Ndipo musatumize ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba kwa munthu amene mwangoona chithunzi cha makina ake pa Facebook. Tumani m'bale wodalirika akaone makinawo akugwira ntchito. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

MALO OIKAPO MAKINA

Nyumba yofolera ndi udzu ayi. Pafupi ndi chigafa ayi. M'chipinda mmene muli mabelo a fodya, matumba a chimanga, petulo wa njinga yamoto kapena matiresi, ayi. M'chipinda chogona kapena chophikira, ayi.

Pamafunika chipinda cha njerwa, cha malata, chokhala ndi zenera ndi chitseko chokhoma. Tebulo likhale lolimba, losagwedezeka, pakuti likamagwedera zilembo zimatuluka zokhotakhota. Pansi pa thabwa limene mukudula ikani chitsulo chosanyezimira. Mukaiwala, kuwala kukapyola thabwa kudzawotcha tebulo lanu.

Ngati makina anu abwera opanda bokosi, pitani kwa kalipentala akukhomereni bokosi lovindikira mbali zonse, lokhala ndi chiboo kumbuyo choikapo fani. Musayatse makina bokosilo lisanathe.

Kuno kwathu kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi limalowa paliponse. Fumbi ndi mwaye zikamata pa kagalasi kaja, makina amafooka, ndipo kagalasiko kangathe kusweka ndi kutentha. Mukaweruka, vindikirani makina ndi nsalu yoyera. Kagalasi muzikapukuta mofatsa ndi thonje lonyowetsa ndi spiriti woyera, makina ali ozima. Musakagwire ndi zala.

Amene mwasankha a CO2, ikani ndowa yaikulu ya madzi pansi pa tebulo. Madzi ake akhale osungunula ngati aja timathira m'mabatire a galimoto. Madzi a pa mjigo amasiya zoyerayera ngati zija za m'ketulo, ndipo zimaononga chubu. Madziwo asatenthe kupitirira madigiri 25. M'miyezi yotentha gwirani ntchito m'mamawa. Ndiponso musatsegule mbali ya mawaya. M'menemo muli mavoliti oposa 10,000, ndipo mphamvu ina imatsalira ngakhale mwazimitsa. Itanani wodziwa zamagetsi aone ngati waya wa earth walumikizidwa bwino.

MASO ALIBE SITOLO

Apa ndipempha kuti mumvetsere bwino, ngakhale amayi amene mukuyamwitsa kumbuyoko.

M'diso la munthu mulinso kagalasi kosonkhanitsa kuwala. Kuwala kwa makina a diode kukalowa m'diso, kagalasi kameneka kamakusonkhanitsa kumbuyo kwa diso, pamalo pamene timaonera, nkuwotchapo. Zimachitika msanga kuposa kuphethira. Nthawi zina munthu samva kupweteka. Amangoona kuti pakati pa chinthu chilichonse chimene akuyang'ana pali kadontho kakuda. Malo owotchedwawo kawirikawiri sabwerera mwakale. Taganizani, mwavutika miyezi yonse ija kuphunzira a, e, i, o, u, kenaka nkulephera kuona zilembo chifukwa cha mphindi imodzi.

Sikuti mpaka muyang'ane m'makina mwenimwenimo. Kuwalako kukagunda chinthu chonyezimira, monga lata, supuni, kalilole kapena msomali wobisika m'thabwa, kumanjanja nkulowera kwina. Chotsani zonyezimira zonse pa tebulo.

Magalasi a dzuwa sateteza. Magalasi a wowotcherera zitsulo sadapangidwire ntchito imeneyi. Pamafunika magalasi a laser, ndipo akhale ogwirizana ndi makina anu. Apa mpamene sukulu ya kwacha ikugwira ntchito. Werengani pa galasipo. Kuwala kwa makina a diode kuli ndi nambala yake, pafupifupi 450. Kwa CO2 ndi 10,600. Magalasi abwino amalembedwa manambala a kuwala kumene amatchinga, ndiponso zilembo OD zotsatana ndi nambala. Funani OD 5 kapena kuposerapo. Magalasi osalembedwa kanthu musawakhulupirire, ngakhale abwere m'katoni imodzi ndi makina.

Aliyense wolowa m'chipindamo avale magalasi. Ngati magalasi ndi amodzi, munthu akhalenso mmodzi. Ana amakonda kusuzumira, ndipo msinkhu wawo umafika ndendende pamene pali kuwalako. Khomani chitseko. Mayi wobereka mwana kumbuyo asalowe, pakuti mwanayo alibe magalasi.

Ngozi ikachitika, musathire mankhwala azitsamba kapena mkaka m'diso. Thamangirani ku chipatala cha Madisi tsiku lomwelo, mukafotokoze kuti ndi kuwala kwa laser. Madokotala a maso aliko ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe ndiponso ku Nkhoma.

UTSI, NDI ZINTHU ZOSAYENERA KUDULA

Chilichonse chowotchedwa chimatulutsa utsi. Utsi wa pulayiwudi si wa nkhuni zokha, mulinso guluu. Mangani paipi kuchokera ku fani ya bokosi lija mpaka kunja kwa zenera. Paipiyo isaloze pa khonde pamene pamasewera ana, kapena pa zenera la anansi anu. Mukamva fungo lambiri m'chipinda, kapena maso akayamba kuyabwa, imitsani ntchito muone pamene pakudontha utsi.

Pali zinthu zina zimene utsi wake ndi poizoni. Lembani izi pa pepala, mumate pa khoma.

Choyamba, pulasitiki ya PVC. Imeneyi ndi ya mapaipi a madzi, ya zinsalu za malonda zopachika m'misewu, ya makapeti a pulasitiki oyala pansi, ndi ya zikopa zabodza zokutira mipando ya minibasi. Ikawotchedwa imatulutsa mpweya wowotcha mapapo, ndipo makina amachita dzimbiri.

Chachiwiri, matabwa othiridwa mankhwala a chiswe, monga mapolo akuda a magetsi ndi matabwa aja obiriwirako.

Chachitatu, matabwa akale opakidwa penti amene simukudziwa kuti mudali zotani.

Chachinayi, zikopa za nsapato ndi za zikwama za ku fakitale, pakuti zambiri amazifufuta ndi mankhwala a chrome. Chikopa chofufutidwa ndi makungwa a mitengo ndicho chabwino.

Lamulo lake nlosavuta. Chinthu chimene simukuchidziwa dzina, musachiike m'makina, ngakhale mwini wake akulonjezeni ndalama zambiri. Safunsa adadya phula.

Zabwino kudula ndi izi: pulayiwudi wopyapyala, paini, nsungwi zouma, katoni, mapepala olimba, ndi tizidutswa ta mlombwa kapena m'bawa totsala kwa akalipentala. Pulayiwudi amapangidwa m'dziko mwathu momwe muno, ku Chikangawa. Musagule mitengo yobedwa m'nkhalango ya Ntchisi, kapena mkungudza wa ku Mulanje, umene ndi wotetezedwa ndi lamulo. Ntchito yathuyi imatheka ndi zotsala zimene ena amasonkhera moto.

MUSACHOKE MAKINA AKUYENDA

Ili ndi lamulo lalikulu kuposa onse. Makina akamayenda, inu mukhale pomwepo. Foni ikalira, imitsani makina. Mlendo akaodira, imitsani makina. Mukafuna kupita kuseri, imitsani makina. Lamba akhoza kudumpha, kompyuta ikhoza kuima, ndipo kuwala kumangokhala pamalo amodzi kukuwotcha. Pakutha mphindi zochepa bokosi lonse lili lawilawi.

Pafupi ndi chitseko pakhale chozimitsira moto, ndowa ya mchenga ndi chiguduli chonyowa. Kamoto kakabuka, yambani mwazimitsa makina ndi kuzula pulagi, kenaka phimbani ndi chiguduli chija. Musathire madzi pulagi ili pa khoma. Tsiku lililonse sesani tizidutswa togwera pansi pa chodulirapo, chifukwa ndito timakoleza moto. Ndipo munthu amene walawa kachasu asayandikire makina tsiku limenelo.

TSIKU LOYAMBA

Makina akafika, musathamangire kuyatsa. Werengani kabuku kake. Ngati kali m'Chingerezi, itanani mphunzitsi kapena mwana wa ku sekondale, muwerengere limodzi, inu nkumalemba mfundo zake m'Chichewa m'kope lanu.

Makinawa amalamulidwa ndi kompyuta. Pulogalamu ya Inkscape, yojambulira, ndi yaulere. Ya LaserGRBL, yoyendetsera makina ambiri a diode, ndi yaulerenso. Ya LightBurn ndi yogula. Yambani ndi zaulere.

Pali zinthu zitatu zoti muphunzire. Choyamba ndi mpata wa pakati pa kagalasi ndi thabwa. Makina ambiri amabwera ndi kachitsulo koyezera mpatawo. Ukalakwika, mzere umatuluka wonenepa ndi wakuda, ndipo thabwa silidulika. Thabwa likhale logona bwino, losapindika.

Ziwiri zinazo ndi mphamvu ndi liwiro. Amayi, izi mukuzidziwa kale. Simbi ya makala ikatentha kwambiri, inu nkumaiyendetsa pang'onopang'ono, malaya amapsa. Ikazizira, inu nkumathamanga nayo, makwinya satha. Makinawa ndi chimodzimodzi. Polemba pamafunika mphamvu yochepa ndi liwiro lalikulu. Podula pamafunika mphamvu yambiri ndi liwiro lochepa, mwina kubwereza kawiri.

Tengani kathabwa kotsala. Wotchanipo timabokosi ting'onoting'ono, kalikonse ndi mphamvu yake ndi liwiro lake. Lembani manambala pambali pa kabokosi kalikonse. Sankhani kamene katuluka bwino, mulembe m'kope: mtundu wa thabwa, kuchindikala kwake, mphamvu, liwiro ndi tsiku. Mukagula thabwa lina, yesaninso, pakuti matabwa safanana. Pakutha chaka, kope limenelo lidzakhala la mtengo wapatali kuposa kabuku kochokera ku fakitale. Kuona maso a nkhono nkudekha.

CHILEMBO CHIMODZI

Pa bolodi timafufuta ndi kansalu. M'kope timafufuta ndi labala. Chowotchedwa pa thabwa sichifufutika. Mukasiya h pa dzina la Phiri kapena la Mphatso, thabwa latayika, ndipo mwini dzina wakhumudwa. Nanga mukalakwitsa tsiku pa chikwangwani cha pa manda? Mwawonjezera chisoni pa anthu olira kale.

Tsono chitani chonchi. Wofuna ntchito alembe yekha mawu ake m'buku lanu la maoda. Ngati satha kulemba, lembani inu, mumuwerengere mokweza kawiri, kenaka mumuitanire ku sukulu ya kwacha. Maina okhala ndi l ndi r mufunse bwino, pakuti mabanja salemba mofanana. Musanawotche, muonetseni pa kompyuta kapena pa katoni, avomere, asayine, apereke theka la ndalama.

Nenani zoona kwa ogula. Pulayiwudi sapirira mvula ndi chiswe. Chikwangwani cha panja chimafuna thabwa lolimba ndi vanishi.

Makinawa amathanso kupanga zidindo pa labala yake yapadera. Zilembo za chidindo zimalembedwa chobwerera m'mbuyo, monga zimaonekera pa kalilole. Koma pano pali msampha. Adzabwera munthu usiku kuti mumupangire chidindo cha sukulu, cha chipatala, cha mfumu kapena cha ofesi ya boma. Popanda kalata yochokera kwa eni ake, ndipo inu mutakafunsa nokha, kanani. Chidindo chachinyengo ndi mlandu wa ku khoti, ndipo wochipanga sapulumuka.

TIYENI TIWERENGERE

Tulutsani makope. Pulayiwudi wathunthu ndi wa mamilimita 2,440 m'litali ndi 1,220 m'lifupi. Makina ambiri a diode amadulira pa malo a mamilimita 400 mbali zonse. M'litali mukwana zidutswa 6, m'lifupi 3. Tikachulukitsa 6 ndi 3 tipeza zidutswa 18.

Tiyerekeze kuti kathabwa ka makiyi ndi ka mamilimita 50 ndi 30. Tikasiya mpata wa mamilimita 5 pakati, pa chidutswa chimodzi pakwana mizere 11 ya timatabwa 7. Ndiye kuti 77. Tikachulukitsa 77 ndi 18 tipeza 1,386.

Ndaona ena mwamwetulira. Koma tadikirani. Tiyerekeze kuti kalikonse kamatenga mphindi 4. Pa ola limodzi mupanga 15. Kuti mutsirize 1,386 pafunika maola opitirira 92, inu muli chikhalire pambali pa makina. Ndipo kodi pa Madisi pano alipo anthu 1,386 ofuna kathabwa ka makiyi mwezi uno?

Masamuwa akutiphunzitsa kuti chodula pa ntchitoyi si thabwa ayi. Chodula ndi nthawi yanu, ndipo chosowa ndi ogula. Poika mtengo werengerani thabwa, magetsi, ulendo wokagula zipangizo, zowonongeka pophunzira, ndi nthawi yanu. Pa chilichonse chimene mwagulitsa patulani kangachepe kosungira kagalasi, malamba ndi mutu wa makina, chifukwa zimenezi zimatha.

MAWU OTSIRIZA

Mutu umodzi susenza denga. Ngati mtengo wakukulirani, gwirizanani anthu anayi kapena asanu a kalasi imodzi. Wina aphunzire kompyuta, wina asunge buku la ndalama, wina ayende kufuna maoda. Lembani malamulo anu: makina akhala kwa yani, akawonongeka alipira ndani, phindu mugawana liti. Aliyense asayine dzina lake. Masiku odinda chala adapita. Amayi, musati iyi ndi ntchito ya abambo. Makinawa safuna nyonga, amafuna munthu wodekha ndi wosamala, ngati wosoka pa makina.

Ofuna kuphunzira zambiri za umisiri, funsani mlangizi wa chitukuko cha m'midzi akulozereni ku TEVETA, bungwe limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja.

Boma lidayambitsa ndondomeko ya dziko lonse ya sukulu za kwacha m'chaka cha 1986. Kuyambira pamenepo akhala alipo anthu ofunsa kuti, "Munthu wamkulu ndi ndevu zake, kuwerenga kumuthandiza chiyani?" Lero mwaona nokha. Nambala ya pa katoni, nambala ya pa magalasi, dzina la pulasitiki, dzina la wogula, buku la ndalama, zonsezi ndi zowerenga. Wina akatha kuwerengera zonse nkuona kuti makinawa sakumuyenera chaka chino, ameneyonso wapindula, pakuti ndalama yake ya feteleza ili m'thumba.

  

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Chifukwa chiyani tikuti makina a laser sacheka koma amawotcha?
2. Tchulani mafunso atatu oyenera kuyankha musanagule makina.
3. Kodi pa magalasi oteteza maso muyenera kuwerengapo chiyani?
4. Lembani zinthu zinayi zosayenera kudula ndi makinawa.
5. Mlendo waodira makina ali mkati mogwira ntchito. Muchita chiyani?
6. Ngati chinthu chimodzi chimatenga mphindi 6, mupanga zingati pa maola 3?
7. M'mudzi mwanu kapena pa msika wanu, ndani angagule zinthu zotere? Lembani m'kope, mudzawerengere anzanu sabata yamawa.